Manachesi si nthochi, sapsera m'thumba

Liwu loti "mtengo" m'Chichewa chathuchi limasenza akatundu awiri. Mtengo ndi chomera chija cha mizu ndi nthambi, komanso mtengo ndi ndalama imene munthu amalipira pogula chinthu. Ku Mwanza matanthauzo awiriwa amakumana chaka ndi chaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Mitengo ya m'minda ikalemedwa ndi manachesi mpaka nthambi kuwerama, mitengo ya pamsika nayo imawerama. Aliyense amene adayendapo pamsewu wochokera ku Zalewa kupita kuchipata cha Mwanza nyengo yozizira akudziwa zimene ndikunenazi: milu ya manachesi m'mbali mwa msewu, madengu pamutu, matumba panjinga, amayi ndi anyamata kuthamangira basi iliyonse imene yaima. Koma pofika Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kukhosi kukufuna chipatso chamadzi, manachesi a ku Mwanza aja kuli zii. Amene mungawapeze m'masitolo akuluakulu a m'tauni nthawi zambiri amakhala ochokera ku South Africa, ndipo mtengo wake ngoboola m'thumba.

Poona zimenezi, alimi ndi a geni ena adapeza nzeru yawoyawo: kuthyola msanga. Msika usanadzaze amakwera m'mitengo kukathyola manachesi anthete, n'kuwathira m'matumba poganiza kuti akapsera m'njira monga imachitira nthochi. Abale anzanga, apa ndi pamene pagona nkhani yathu lero. Manachesi si nthochi. Mukawathyola asanatsekemere, palibe thumba, dzenje kapena utsi umene ungawatsekemeretse. Khungu lingathe kusintha, koma zam'kati ayi.

Musanandinene kuti ndikuipitsa geni ya eni ake, tiyeni tiyambe taona mmene chomera chimadziwira nthawi, pakuti yankho lake lili pamenepo.

Amithenga a m'kati mwa chomera

Chomera chilibe maso, chilibe makutu, wotchi ndiye chilibiretu. Koma taonani mitengo ya mombo m'mapiri a ku Thambani: imaphuka masamba ofiira mu Sepitembala ndi Okutobala, mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Msangu umachita zosemphana ndi anzake, umayoyola masamba m'dzinja kutchire kuli biriwiri, n'kudzavala m'chilimwe. Mango amachita maluwa nyengo yozizira. Kodi amene amaziuza zonsezi ndani?

Akatswiri a sayansi adapeza kuti m'thupi mwa chomera muli timankhwala tochepa zedi timene chomeracho chimapanga chokha, totchedwa mahomoni. Ntchito yake ili ngati ya mthenga wa mfumu: kutenga mawu kuchokera kunsonga kupita kumizu, kuchokera kumasamba kupita kumaluwa. Ndipo zimene zimatuma amithengawa ndi zochitika kunja: kuwala, kuzizira, chinyezi ndi chilala.

Woyamba kudziwika adali auxin. M'chaka cha 1880 Charles Darwin ndi mwana wake Francis adaona kuti kammera ka udzu kamapendekera kumene kukuchokera kuwala, koma akakaveka kachipewa kunsonga kamangoima njo. Iwo adati payenera kukhala china chake chimene chimachokera kunsongako n'kutsikira m'munsi. Mu 1926 Frits Went wa ku Holland adakwanitsa kuchikola chinthucho. Mlimi wa fodya amamudziwa bwino auxin ngakhale dzina lake sadalimvepo. Akadula nsonga ya fodya, mphukira zimabuka m'mbali monse, chifukwa mthenga amene amaziletsa kuphuka uja wapita pamodzi ndi nsongayo.

Zomera zina zimawerenga kutalika kwa usana ndi usiku. Izi adazitulukira Wightman Garner ndi Harry Allard ku America mu 1920, pofufuza chifukwa chimene fodya wa mtundu wa Maryland Mammoth ankangotalika osachita maluwa mpaka chisanu kumupeza. Mwina wina anena kuti kuno kwathu usana ndi usiku n'zofanana chaka chonse. Iyayi. Ku Mwanza usana wa Disembala umatenga maola pafupifupi 13, pamene wa Juni ndi maola 11 ndi mphindi zochepa. Kusiyana kwa maola awiriko n'kokwanira kuti nandolo ndi mapira amakolo adziwe kuti nthawi yochita maluwa yakwana. N'chifukwa chake mapira amakolo, kaya mwabzala msanga kaya mwachedwerapo, amadzatulutsa ngala pafupifupi nthawi imodzimodzi.

Kalendala ya manachesi

Tsono manachesi, malalanje ndi mandimu sasamala kwenikweni za kutalika kwa usana. Iwo amamvera zinthu ziwiri: kuzizira ndi ludzu. Mtengo ukamadutsa m'miyezi yozizira ndi youma umaleka kukula. Dothi likauma, homoni yotchedwa abscisic acid imachuluka n'kutseka timabowo ta m'masamba kuti madzi asathawe. Kuuona mtengowo ungati wagona, pamene m'timaso ta panthambi maluwa akukonzeka. Kukangofunda, mizu n'kulawa madzi a mvula yoyamba ija timati chizimalupsa, mtengo umadzambatuka, maluwa oyera mbee ndi kafungo kawo kaja. Kuchokera pa duwa kufika pa chipatso chokhwima pamapita miyezi 6 mpaka 9, malinga ndi mtundu wa mtengo ndi nyengo ya malowo.

Apa ndiye pali gwero la vuto la Juni lija. Minda yambiri ya manachesi imadalira mvula. Choncho mitengo ya kwa Kanduku, ya kwa Nthache ndi ya ku Neno, boma limene lidapatuka ku Mwanza mu 2003, imalandira uthenga umodzi pa nthawi imodzi. Imachita maluwa pamodzi, imapsa pamodzi, ndipo eni ake amakakumana pamsika pamodzi. Zikatero wogula ndiye mfumu. Si ufiti, si ulesi wa alimi, komanso si kuuma mtima kwa opikula kokha ayi. Ndi kalendala ya mtengo.

Nanga mtundu wachikasu uja umachokera kuti? Ambirife tikaona khungu lachikasu timati chapsa, tikaona lobiriwira timati n'chachiwisi. Pa manachesi maso amanama. Khungu limabiriwira chifukwa cha chlorophyll, yemwe uja amabiriwitsa masamba. Usiku ukayamba kuzizira, makamaka kutsika kufika cha m'madigiri 13, chlorophyll amaphwasuka ndipo mtundu wachikasu umayamba kuwala. Ndiye kuti amene amapaka manachesi a ku Mwanza utoto wokongola uja ndi mphepo ya Meyi ndi Juni ya m'mapirimo. Kumalo kotentha usana ndi usiku, monga m'maiko a kuzambwe kwa Africa ngati Ghana ndi Nigeria, lalanje limatha kupsa n'kutsekemera ngati uchi khungu lake likadali biriwiri.

Kutsekemera ndi nkhani ina. Shuga wa m'chipatso amaphikidwa m'masamba ndi mphamvu ya dzuwa, n'kumalowa m'chipatsomo pang'onopang'ono kudzera pa kaphesi kamene kamachilumikiza ku nthambi. Kuwawasa nako kumanka kuchepa m'kupita kwa masabata. N'chifukwa chake zipatso za kunja kwa mtengo, zoombedwa ndi dzuwa, zimatsekemera kuposa zobisala mumthunzi wa m'kati. Tsiku limene mwathyola chipatso, mwadula paipi ya shuga. Basi, kwatha.

Chinsinsi cha kuvundika

Koma nanga nthochi bwanji? Mayi aliyense wa geni ku Limbe kapena ku Ndirande amakudziwa kuvundika: nthochi zaziwisi m'dzenje kapena m'thumba, masamba pamwamba, ena amafukizako utsi, ena amaponyamo peyala kapena nthochi yakupsa kale. Pakapita masiku angapo zonse zafewa, zonse zikuzuna. Amene amagwira ntchito m'menemo ndi homoni yodabwitsa kuposa inzake yonse chifukwa iyo ndi mpweya. Dzina lake ndi ethylene.

Mbiri yake njosangalatsa. Mu 1901 wophunzira wina wa ku Russia, Dimitry Neljubow, adapeza kuti mbewu za nsawawa zimene amamera m'chipinda chake choyesera zinthu zinkakula mokhotakhota chifukwa cha mpweya wa nyale za gasi. Ku California alimi a mandimu ankayatsa mbaula za parafini m'zigafa kuti mandimu achite chikasu, iwo n'kumati ndi kutentha. Mu 1924 Frank Denny adaonetsa kuti si kutentha ayi, koma ethylene wa mu utsiwo. Ndipo mu 1934 Richard Gane wa ku England adatsimikiza kuti maapozi amatulutsa okha mpweya umenewu akamapsa. Utsi umene agogo athu ankafukiza padzenje la nthochi unkagwira ntchito yomweyi. Ankachita sayansi osadziwa kuti ndi sayansi.

Tsono ophunzira gwirani mfundo iyi, ndipo a geni gwiritsitsani. Zipatso zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zopsa zitathyoledwa: nthochi, mango, mapeyala, mapapaya, magwafa ndi tomato. Zimenezi zikakhwima zimatulutsa ethylene wambiri, ndipo ethylene wa chipatso chimodzi amadzutsa chinzake. Peyala ndiye lochititsa kaso, silifewa likadali mumtengo, limadikira kuti lithyoledwe. Nthochi yaiwisi imakhala yodzaza ndi sitalichi ngati nkhokwe, ndipo ethylene amatsegula nkhokweyo kuti sitalichi asanduke shuga. Gulu lachiwiri ndi la zopsera mumtengo mokha: manachesi, malalanje, mandimu, chinanazi ndi mphesa. Manachesi alibe nkhokwe ya sitalichi yoti isanduke shuga. Mukawasunga masiku ambiri kuwawasa kumatha kuchepako pang'ono, madzi n'kumauma, koma shuga watsopano kulibe kumene angachokere.

Kunena zoona, ethylene amagwira ntchito pa manachesi, koma pakhungu pokha. Ku South Africa ndi ku Spain makampani olongedza zipatso ali ndi zipinda zimene amathiramo ethylene wochepetsetsa kwa masiku awiri kapena atatu kuti manachesi oyambirira, amene apsa m'kati koma khungu lachedwa chifukwa kunja sikunazizire, achite chikasu. Koma asanatero amayamba afinya madzi a chipatsocho n'kuyeza shuga ndi kuwawasa kwake. Chimene sichinafike pa muyezo sachilola. Iwo amakongoletsa chipatso chakupsa kale. Ife tikavundika chanthete timangopanga chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo amene amaluza si wogula yekha. Mnyamata wogulitsa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu akafuula kuti "a ku Mwanza awa!" akugulitsa dzina. Dzinalo adalimanga ndi alimi a zaka zambiri, ndipo ndilo chuma chenicheni cha bomalo. Munthu akagula mulu wowala bwino, n'kukasenda kunyumba, ana n'kuchita tsinya ndi kuwawasa, mawa sagulanso. Sanena kuti wamupusitsa ndi wogulitsa uja. Amati manachesi a ku Mwanza adasiya kukoma. Woba ndi mmodzi, mlandu wa mudzi wonse.

Pali chinanso choopsa kuposa apa. M'maiko ena ochita malonda amapsetsa zipatso ndi kabaidi, mwala uja amagwiritsa ntchito owotcherera zitsulo. Kabaidi akanyowa amatulutsa mpweya wa acetylene umene umanamiza chipatso ngati ethylene, koma amatha kusiya zotsalira za poizoni wa arsenic ndi phosphorus. Dziko la India lidaletsa mchitidwe umenewu mwalamulo. Amene angakunong'onezeni nzeru imeneyi, m'kanireni. Pa manachesi ndiye kutaya ndalama kawiri: mwaika anthu pangozi, chipatso chili chowawasabe.

Zoyenera kudziwa wa geni

Ndiye wopikula atani? Choyamba, lilime liposa maso. Musanagule, sendani zipatso zingapo, za kunja kwa mtengo ndi za m'kati, mulawe. Chobiriwira chotsekemera chiposa chachikasu chowawasa, ndipo makasitomala anu mukawalawitsa kagawo kamodzi adzakhulupirira. Chenjerani kokha ndi zipatso zazing'ono, zopendekera mbali imodzi, zobiriwira kumunsi pamene kumtunda kwachita chikasu, zowawa polawa. Zimenezo n'zizindikiro za matenda otchedwa greening, amene amafalitsidwa ndi tizilombo toyamwa masamba anthete.

Chachiwiri, kathyoledwe. Khungu la manachesi ndi lotayirira, ndipo mukamachita kuzula limang'ambika pamene padali kaphesi. Kugwedeza mtengo kapena kugwetsa ndi ndodo ndiye kuipiratu. Dulani ndi kampeni kapena sizasi, kaphesi katsale kakafupi kuti kasabaye zinzake. Musathyole m'mamawa mame ali chonyowa kapena mvula itangogwa, chifukwa timatumba ta mafuta ta pakhungu timaphulika msanga n'kusiya zipsera zakuda.

Chachitatu, bala lililonse ndi khomo la nkhungu yobiriwira ija, ndipo chipatso chovulala kapena chankhungu chimatulutsa ethylene amene amakalambitsa zinzake. Kale mu 1910 Herbert Cousins wa ku Jamaica adachenjeza kuti malalanje asamalongedzedwe pamodzi ndi nthochi m'sitima chifukwa nthochizo zinkapsa ulendo usanathe. Akatswiri a pambuyo pake adaona kuti mwina olakwa adali malalanje ankhungu. Nthochi ndi tomato wakupsa nazo zimabwezera: mpweya wake umakalambitsa khungu la manachesi. Choncho sankhani zoola tsiku ndi tsiku, ndipo musasakanize akatunduwa m'thumba limodzi kapena m'chipinda chotseka. Makolo adati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Dengu kapena bokosi lolowa mphepo, loikidwa pamthunzi, liposa thumba lomanga kukamwa limene anthu akhalira pamwamba pa lole kuchokera ku Mwanza mpaka ku Lilongwe.

Chachinayi ndi cha inu amene mumagula mtengo wonse zipatso zikadali zazing'ono. Mitengo yambiri ya manachesi ili ndi khalidwe lobereka kwambiri chaka chino, chaka chamawa n'kupumula. Chifukwa chake n'chakuti zipatso zikachuluka zimadya chakudya chonse chimene mtengo ukadasunga, komanso zimatumiza uthenga ku timaso ta panthambi kuti tisachite maluwa. Akatswiri amaloza chala homoni yotchedwa gibberellin, imene chiyambi chake adachitulukira Eiichi Kurosawa mu 1926 pofufuza mpunga wodwala umene unkangotalika ngati chitsiru. Mlimi wanzeru amapatulira zipatso zikadali zazing'ono chaka chobereka kwambiri, ndipo sazisiya mumtengo nthawi yaitali zitapsa. Zotsalazo zimakula bwino, ndipo mtengo umapeza mphamvu za chaka chamawa. Wogula wanzeru amafunsa mmene mtengowo udaberekera chaka chatha asanatulutse ndalama.

Kukambirana ndi mtengo

Funso lalikulu likadalipo: kodi tingatani kuti manachesi asamabwere onse mwezi umodzi? Yankho si kuba nthawi pothyola anthete. Yankho ndi kugwiritsa ntchito chilankhulo chimene mtengowo umamva.

Njira yoyamba ndi mitundu. Alimi a ku South Africa amayamba kukolola Satsuma cha mu Marichi, kenako Clementine, n'kudzamaliza ndi mitundu yochedwa monga Nadorcott m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, pamene malalanje a Valencia amafika mpaka Sepitembala ndi Okutobala. Sadasinthe dzuwa kapena mvula. Adangobzala mitengo ya makalendala osiyanasiyana. Mbande zomezanitsa ndizo khomo la zimenezi, chifukwa mumadziwiratu mtundu umene mwabzala, ndipo zimayamba kubereka patatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene mtengo wochokera ku njere umatha kukudikiritsani zaka 6 kapena kuposerapo, minga ili thoo.

Njira yachiwiri ndi madzi. Pa chilumba cha Sicily ku Italy alimi a mandimu amaumana dala madzi mtengo kwa masabata angapo m'nyengo yotentha mpaka masamba kufota, kenako n'kuuthirira kwambiri. Mtengo umayesa kuti mvula yafika, umachita maluwa pa nthawi yachilendo, ndipo mandimu ake amadzapsa msika uli pululu. Nzeru yake ndi yomwe ija ya ludzu ndi chizimalupsa. Mlimi wa ku Mwanza amene ali pafupi ndi mtsinje kapena chitsime angathe kudzutsa mitengo yake msanga poithirira kukangoyamba kufunda, mvula isanabwere, bola akhale ndi madzi opitirizira, chifukwa mtengo ukachita maluwa n'kusowanso madzi umayoyola tizipatso tonse. Zimenezi n'zofunika kuyesa pa mitengo yochepa kaye, mothandizana ndi alangizi.

Njira yachitatu ndi dzuwa. Mtengo wosadulira umachita mdima m'kati, ndipo mumdima simuchita maluwa ambiri. Kuchotsa nthambi zouma, zopingasa ndi mphukira zoongoka zija kumalowetsa kuwala ndi mphepo, zipatso n'kukoma ndiponso matenda n'kuchepa.

Apa mpamene tikupempha a Unduna wa Zamalimidwe, akatswiri a ku Bvumbwe amene ntchito yawo ndi kufufuza za zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndi aphunzitsi a ku Bunda, kuti nzeru zimenezi zisamathere m'mafayilo. Mlimi wa kwa Nthache akufuna mbande zodalirika pafupi ndi kwawo. Magulu a alimi akufuna muyezo umodzi wogwirizana woti chipatso chisanafike pakuti sichituluka m'mudzi. Kachipangizo koyezera shuga kotchedwa refractometer n'kolowa m'thumba la malaya, ndipo gulu limodzi lingathe kukhala nako kamodzi. Zotsala pa nyengo ya zochuluka zikufuna ozifinya madzi ndi opanga jamu, m'malo moti ziziolera pansi pa mitengo.

Inu ophunzira a sekondale amene mumaloweza auxin ndi ethylene kuti mukhoze Biology, dziwani kuti zimenezo si za mayeso okha. Zili padengu la mayi anu, zili pa fizi imene amakulipirirani. Mukapita kutchuthi tengani matumba awiri. M'thumba lina ikani nthochi zaziwisi ndi peyala lakupsa, m'linalo manachesi anthete ndi peyala lakupsa. Pakatha masiku asanu itanani a pabanja panu alawe zonse ziwiri. Phunziro limenelo sadzaliiwala.

Ndipo inu a geni, tikudziwa kuti ndalama ya lero imakoma, ndipo amene wafika msanga pamsika ndiye amatchula mtengo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Masabata atatu kapena anayi amene mwaumana mtengo ndi omwewo amene shuga amalowa m'chipatso. Lawani musanagule, lawitsani musanagulitse, ndipo nthochi zokha ndizo muzivundika.